KUTHANDIZA ANA KUSANKHA MAU OYENERA M'CHINGEREZI

Mau Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene wachongapo makope a chimangirizo cha Chingerezi amadziwa kuti pali zolakwa zina zimene zimabwera chaka ndi chaka, ngakhale ana asinthe, ngakhalenso iye mwini asamukire ku sukulu ina. Mwana wa ku Ntcheu amalemba kuti "Borrow me your pen," wa ku Nkhotakota amalembanso chimodzimodzi, chonsecho awiriwo sanaonanepo. Wina amalemba "I hear the smell of fish," wina "My mother he is a nurse," winanso "We discussed about the match." Zikanakhala kuti zolakwa zotere zimabwera chifukwa cha ulesi kapena kusamvera, bwenzi mwana aliyense akulakwa mwa njira yakeyake. Koma popeza onse akupunthwa pamalo amodzi, tiyenera kuvomera kuti pamalopo pali chitsa, ndipo ntchito yathu ndi kuchipeza ndi kuchizula.

Nkhaniyi si yochepa ai. Pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse m'chaka cha 1968, Chingerezi chinatsalabe chinenero cha m'maofesi a boma, cha malamulo ndi cha maphunziro apamwamba, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linanenetsa kuti ndicho chinenero chophunzitsira m'sukulu ndi m'makoleji. Pa mayeso a Sitandade 8 mafunso a maphunziro onse, kupatula Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi. Pa mayeso a Fomu 4 wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Kotero chizolowezi chosankha mau molakwika, tikachilekerera, chikhoza kutsekera mwana khomo limene nzeru zake zikanamtsegulira.

Mfundo yathu m'nkhani ino ndi imodzi. Mwana akamalankhula Chingerezi amayamba waganiza m'chinenero chakwao, ndipo mau a zinenero ziwirizi sakomana mutu ndi mutu. Mphunzitsi amene amadziwa malo amene mauwo amasemphana akhoza kuneneratu pamene ana ake adzapunthwe, nakonza phunziro lake chilakwocho chisanazike mizu. Paja kuongola mtengo mpoyamba.

Zinenero Sizigawa Zinthu Mofanana

Tiyambe ndi chitsanzo chimene chidzatithandiza kumvera ana athu chisoni. Mngerezi ali ndi mneni mmodzi, "wash," amene amagwira ntchito pa thupi, pa zovala, pa mbale ndi pa nkhope. Ife timasamba m'thupi, timachapa zovala, timatsuka mbale, ndipo m'mawa timasukusula kumaso. Mlendo wophunzira Chichewa akanena kuti akuchapa mwana kapena akusamba mbale timaseka, koma iye sanachite ulesi. Wangotenga liu lake limodzi nalifunira mnzake mmodzi m'Chichewa, osadziwa kuti alipo anai. Chimodzimodzi ndi "carry": ife timasenza mtolo pamutu, timabereka mwana kumbuyo, timanyamula buku m'manja. Ndiponso pamene Mngerezi amati "marry" kwa onse awiri, kwathu mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa.

Tsono tikatembenuza nkhaniyi tiona mwana wathu ali pa vuto lomwelo. Pali malo ambiri pamene Chichewa chili ndi liu limodzi koma Chingerezi chili ndi awiri, atatu kapena asanu. Mwanayo amaphunzira limodzi mwa iwo, kawirikawiri limene analimva poyamba, ndipo amaligwiritsa ntchito paliponse pamene liu la Chichewa likanagwira.

Akatswiri a zinenero anaziona kale zimenezi. M'chaka cha 1957 Robert Lado wa ku America anasindikiza buku lotchedwa "Linguistics Across Cultures," m'mene anaonetsa kuti poyerekeza chinenero cha wophunzira ndi chinenero chatsopano tikhoza kudziwiratu malo ovuta. Patapita zaka 10, mu 1967, S. Pit Corder wa ku Edinburgh analemba nkhani yofotokoza kuti zolakwa za wophunzira ndi umboni wa lamulo limene iye walipanga m'mutu mwake. Kwa ife tanthauzo lake ndi lakuti kope lodzala ndi zolakwa likutiuza zimene tiyenera kuphunzitsa mawa.

Liu Limodzi Kwathu, Mau Ambiri Kwao

Kubwereka. Timati "Ndabwereka njinga kwa amalume," ndiponso "Amalume andibwereka njinga." Mneni ndi mmodzi, wolandira ndi wopereka yemwe. M'Chingerezi wolandira amachita "borrow" ndipo wopereka amachita "lend." Mwana wofuna kunena kuti "Ndibwereke cholembera" amati "Borrow me your pen," pamene anayenera kunena "Lend me your pen" kapena "May I borrow your pen?"

Kumva. Liu ili ndi lolemera kwambiri. Timamva kulira kwa belu, timamva njala, timamva fungo, timamva kukoma, ndiponso timamva zimene aphunzitsi afotokoza. Mngerezi amapatula zonsezi: "hear" ndi ntchito ya khutu yokha, "feel" ndi ya thupi, "smell" ndi ya mphuno, "taste" ndi ya lilime, "understand" ndi ya nzeru. Mphunzitsi amene amafunsa ana kuti "Have you heard?" pofuna kudziwa ngati amvetsa, iyenso wakodwa mu msampha womwewo.

Kutalika. Timati munthu wamtali, phiri lalitali, mtsinje wautali, dzenje lalitali. Chingerezi chimafuna "tall" kwa munthu ndi mtengo, "high" kwa phiri, "long" kwa mtsinje ndi mseu, "deep" kwa dzenje ndi chitsime. Pophunzitsa mau amenewa tigwiritse ntchito zinthu zimene ana amazidziwa kale m'phunziro la malo: nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yotalika mamita 3,002, ndi "high", mtsinje wa Shire, wa makilomita pafupifupi 400, ndi "long", nyanja ya Malawi ndi "deep", mtengo wa bulugama ndi "tall."

Kukhala. Timakhala pampando, timakhala ku Dedza, timakhala kwa azakhali masiku atatu. Apa pali "sit," "live" ndi "stay." Tidziwe kuti ku Scotland ndi ku South Africa anthu ambiri amati "stay" ponena za kumene amakhalitsa, ndipo amamvana bwino. Komabe m'Chingerezi cha m'mabuku "live" ndi kukhala kokhazikika, "stay" ndi kukhala kwa kanthawi ngati mlendo, ndipo ana ayenera kudziwa kusiyanako.

Kwambiri. Mwana wokondwa amalemba kuti "I am too happy to see you." Sadziwa kuti "too" amatanthauza kupyola muyeso, kotero kuti chinthucho chaipa kapena sichingatheke. "The tea is very hot" ndi tiyi wotentha koma womweka; "The tea is too hot" ndi tiyi amene munthu sangamwe.

Timau Ting'onoting'ono ta Galamala

Kusankha mau sikuthera pa aneni ndi afotokozi. Timau tatifupi ndito timasokoneza kwambiri, chifukwa mwana satipatsa ulemu.

Alowam'malo. Chichewa chimagawa maina m'magulu, monga la mu- ndi a-, la mu- ndi mi-, la chi- ndi zi-, koma sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. "Iye" ndi aliyense, ndipo "buku lake" likhoza kukhala la mnyamata kapena la mtsikana. N'chifukwa chake "he" ndi "she," "his" ndi "her" zimasinthana malo. Mwanayo lamulo amalidziwa ndithu tikamfunsa. Chimene chikusowa ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimabwera ndi kubwereza.

Ulemu. Mwana wolera bwino sanganene kuti "Bambo wanga wabwera", amati "Abambo abwera." Ndiye m'Chingerezi amalemba "My father they have come," poyesa kusunga ulemuwo. Timfotokozere kuti Mngerezi saonetsa ulemu pochulukitsa munthu mmodzi, ndipo "you" ndi "iwe" ndi "inu" womwe. Ulemu wake uli m'mau monga "please," "may I," "would you" ndi "could you." Mwana amene afika ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu nagwada, nanena kuti "I want chalk," wachita ulemu ndi thupi koma mwano ndi pakamwa, iye osadziwa.

Aperekezi. Timati "Ndikupita ku Lilongwe," "Ndimakhala ku Lilongwe," "Ndikuchokera ku Lilongwe." Mperekezi "ku" sanasinthe, chifukwa mneni ndiye akutiuza kolowera. Chingerezi chimafuna "to," "in" ndi "from." Nthawi zina mwana amaonjezera mperekezi pamene safunika: popeza timakambirana "za" mpira, iye amati "discuss about," pamene "discuss" salola mperekezi. Nthawi zina amamasulira "ndi" molunjika, nati "married with a teacher" m'malo mwa "married to a teacher," osadziwa kuti Mngerezi akati "married with two children" akunena za munthu wapabanja amene ali ndi ana awiri.

Inde ndi ai. Tikafunsa mwana kuti "Kodi sunadye?" iye nayankha kuti "Inde," tonse timamva kuti sanadye, chifukwa "inde" wathu amavomereza mau a wofunsa. M'Chingerezi "yes" ndi "no" amatsata chochitikacho. "Haven't you eaten?" yankho lake ndi "No, I haven't" ngati sanadye, ndi "Yes, I have" ngati wadya. Taganizani wodwala amene dokotala wachilendo wamfunsa kuti "Haven't you taken the tablets?" iye nayankha "Yes" potanthauza kuti sanamwe. Njira yabwino ndi kuzoloweza ana kuyankha ndi mau athunthu, osati "yes" kapena "no" payekha.

Maina osawerengeka. Timati malangizo, mipando, zipangizo, ndipo zonsezi n'zochuluka. Mwana amalemba "advices," "furnitures," "equipments," "luggages," "informations." M'Chingerezi maina amenewa ali ngati madzi kapena ufa: sawerengedwa limodzilimodzi ndipo salandira "s." Pofuna chimodzi timati "a piece of advice," monga momwe timanenera kuti chikho cha madzi.

Aneni okana "-ing." Mwana akaphunzira kuti "ndikulemba" ndi "I am writing," amaganiza kuti "-ku-" aliyense ndi "-ing." Ndiye "ndikudziwa" asanduka "I am knowing," "ndikufuna" asanduka "I am wanting." Aneni onena za m'maganizo ndi za umwini, monga "know," "want," "understand," "believe," "belong" ndi "own," kawirikawiri amakhala opanda "-ing" ngakhale ponena za tsopano lino.

Mau Amayenda ndi Anzao

Pali zolakwa zina zimene galamala sangazigwire, chifukwa chiganizo chili chomangika bwino, koma mau awiri amene aikidwa pamodzi sazolowerana. Ife timamwa mankhwala ngakhale akhale a mibulu, timamwanso phala, Mngerezi amati "take medicine" ndi "eat porridge." Timatsegula wailesi ndi kuitseka, iye amati "switch on" ndi "switch off." Timati mvula yamphamvu, iye amati "heavy rain." Mwana wolakwitsa samu amachita "make a mistake," koma ntchito yokalembera kunyumba ndi "do homework." Wovala malaya amati "put on," koma wovula sanena "put off," pakuti mau amenewo amatanthauza kukankhira chinthu mtsogolo, amati "take off." Msungichuma wosakhulupirika kwathu amadya ndalama, koma "He ate the money" imaseketsa mlendo.

Pa zimenezi palibe chifukwa chimene tingapatse mwana, monganso ife sitinganene chifukwa chake fodya timasuta koma phala timamwa. Ndi chizolowezi cha eni chinenero. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti tisaphunzitse liu lili lokha. Mndandanda wa mau 20 pa bolodi, lililonse ndi tanthauzo lake la Chichewa pambali, umaoneka ngati ntchito yaikulu, koma ndiwo umabala zolakwa tazionazi, chifukwa umauza mwana kuti liu ili ndi lija n'chimodzimodzi paliponse. Liu latsopano lilowe m'kalasi ndi anzake: "take medicine," "borrow from," "afraid of," "good at," "listen to."

Mau Akuluakulu

Ana a m'makalasi apamwamba amakhala ndi nthenda ina, yokonda mau aatali. Amaganiza kuti "commence" ndi wophunzira kuposa "begin," "purchase" kuposa "buy," "reside" kuposa "live." Nkwabwino kuti mphunzitsi adziwe kumene mau apawiri otere anachokera. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'mabwalo a milandu, pamene anthu wamba anapitiriza kulankhula Chingerezi chao. Mau ambirimbiri a Chifalansa ndi a Chilatini analowa, koma akale sanafe. N'chifukwa chake nyama ikakhala m'khola ndi "cow," "sheep" kapena "pig," koma ikafika m'mbale ndi "beef," "mutton" kapena "pork." Mwana wathu, amene amati nyama ya ng'ombe, amalemba "cow meat."

Mau apawiriwa matanthauzo ake ndi ofanana, koma malo ake ndi osiyana. Akalewo ndi a tsiku ndi tsiku. Obwerawo ndi a m'makalata a boma ndi a m'malamulo. Tonse timadziwa kusiyana kwa "wafa," "wamwalira" ndi "watisiya," ndipo sitinganene kuti nkhuku yamwalira. Momwemonso mwana wolembera mnzake kalata yakuti "I purchased sugarcane and commenced my journey" wavala suti popita kudimba. Choipa china n'chakuti liu lalitali limene mwana sakulidziwa bwino ndilo limamgwetsa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Michael West, amene anagwira ntchito ya maphunziro ku Bengal, anasindikiza mu 1953 mndandanda wotchedwa "A General Service List of English Words," wa mau pafupifupi 2,000 amene amapezeka kawirikawiri m'Chingerezi. Mwana wodziwa kugwiritsa ntchito mau wamba otere molondola adzalemba chimangirizo chomveka kuposa amene waloweza mau aatali osawadziwa malo ake.

Pamene Chichewa Chimatithandiza

Tisaganize kuti chinenero chathu ndi mdani wa Chingerezi. Pali malo ambiri pamene chimatipatsa makwerero.

"Say" ndi "tell" amavuta ana m'maiko ambiri, koma ife tili ndi kunena ndi kuuza. Sitinganene kuti "Anauza kuti abwera" osatchula amene wauzidwa. Momwemonso "tell" amafuna munthu pambuyo pake. Mwana wolemba "He said me" timfunse ngati anganene kuti "Anandinena" potanthauza "Anandiuza." Adzaseka, ndipo sadzaiwala.

Pa ndalama tili ndi kukongola ndi kukongoza. Wokongola ndiye wa "borrow," wokongoza ndiye wa "lend." Msintho wa mneni womchititsa umamasulanso mau ena ovuta: kukwera ndi kukweza ndi "rise" ndi "raise", kugona ndi kugoneka ndi "lie" ndi "lay", kugwa ndi kugwetsa ndi "fall" ndi "drop", kuphunzira ndi kuphunzitsa ndi "learn" ndi "teach." M'mau apawiri onsewa lachiwiri limafuna pamtherankhani.

Ngakhale "a" ndi "the," amene Chichewa chilibe, ali ndi abale ao. Timati "Ndinaona galu wina. Galuyo anali wakuda." Poyamba galu ndi wachilendo kwa womvera, kachiwiri ndi wodziwika. Ndi zomwezo zimene zikuchitika mu "I saw a dog. The dog was black." Kufotokoza kotere kwa mphindi imodzi m'Chichewa sikuononga phunziro la Chingerezi, malinga tikatha kufotokoza tibwerere ku Chingerezi ndi kuyeseza kokwanira.

Zolakwa Zosachokera ku Chichewa

Si cholakwa chilichonse chimene gwero lake ndi chinenero chakwathu. Mwana wolemba "goed," "comed" kapena "childs" watenga lamulo la Chingerezi nalifikitsa kumene silifika, ndipo ana aang'ono a ku England amachita zomwezo. Cholakwa chotere ndi chizindikiro chakuti lamulo walimva. Chatsala ndi kumsonyeza mau amene satsata lamulolo. Palinso kuterereka chabe kwa dzanja, kumene mwana amakonza yekha tikangoloza. Tisanakonze phunziro lobwereza tiyambe tadzifunsa kuti cholakwacho ndi cha mtundu uti. Tikumbukirenso kuti m'kalasi mwathu mukhoza kukhala ana olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Zambiri zimene tanenazi zimawakhudzanso, pakuti zinenerozi ndi za banja limodzi, komabe mphunzitsi afunse ndi kumvetsera m'malo mongoganizira.

Chitsanzo cha Phunziro

Nali phunziro la mphindi 30 la "borrow" ndi "lend," loyenera Sitandade 5 kapena 6. Cholinga chake n'chakuti pomaliza ana athe kunena ndi kulemba ziganizo zolondola zokhala ndi "borrow from" ndi "lend to." Zipangizo zake ndi zimene ana ali nazo kale: buku, pensulo, rula ndi kope.

1. Kuonetsa, mphindi 5. Mphunzitsi apite kwa mtsikana wina nanene kuti "Please lend me your ruler." Polandira anene, akukokera dzanja pachifuwa, "I am borrowing a ruler from her." Kenaka aloze mtsikanayo, natambasule dzanja, nanene "She is lending a ruler to me." Achite zimenezi ndi ana atatu ndi zinthu zitatu zosiyana.

2. Kubwereza, mphindi 5. Ana awiri aime kutsogolo, wina apereke buku kwa mnzake. Mphunzitsi afunse "What is he doing?" akuloza wolandira, kenaka wopereka. Ayankhe kalasi lonse, kenaka mzere umodzi, kenaka mwana mmodzimmodzi. Onse azichita ndi manja pamene akunena.

3. Pa bolodi, mphindi 5. Ajambule anthu awiri ndi muvi wochokera kwa wina kupita kwa mnzake. Kumene muvi ukuchokera alembe "lends to," kumene ukulasa alembe "borrows from." Pansi alembe mafunso awiri: "May I borrow your book?" ndi "Will you lend me your book?" Ana aone kuti "borrow" akuyenda ndi "I," "lend" akuyenda ndi "you."

4. Awiriawiri, mphindi 7. Mwana aliyense apemphe chinthu kwa mnzake wapafupi ndi mafunso onse awiri, kenaka asinthane. Ngakhale kalasi likhale la ana 90, m'mphindi zimenezi aliyense alankhula, chinthu chimene sichingatheke ngati mphunzitsi aloza mmodzimmodzi. Mphunzitsi ayendere mizere namvetsere.

5. Kulemba, mphindi 8. Ana atsirize ziganizo 5 zosowa mneni, kenaka alembe ziwiri zaozao zonena za zinthu zimene amabwerekana kumudzi, monga khasu, mpini, lichero kapena njinga.

Tsiku lotsatira tiphunzitse "borrowed" ndi "lent," ndipo pakatha mlungu tibwerezenso mwachidule. Kuyambira pamenepo mwana aliyense wopempha choko kapena buku azipempha ndi mau amenewa. Njira yomweyi ikhoza kutsatidwa pa "hear" ndi "listen," "bring" ndi "take," "tall" ndi "high."

Kuchonga ndi Mtanthauziramau

Kope lofiira ndi inki kuyambira pamwamba mpaka pansi limagwetsa mwana mphwayi, ndipo iye amangoona malikisi natseka. Nkwabwino kusankha mtundu umodzi kapena iwiri ya zolakwa pa ntchito iliyonse, kudula mzere kunsi kwa liu lolakwika, ndi kumsiya mwanayo afune yekha loyenera. Mphunzitsi akhale ndi kope lakelake lolembamo zolakwa zimene zikubwera kawirikawiri, ndi chiwerengero cha ana amene alakwa chilichonse. Chimene alakwa ana awiri tikonze nao awiriwo. Chimene alakwa ana 30 chikufuna phunziro. Pakutha kwa chaka kope limeneli lidzakhala buku la mphunzitsi loposa ambiri ogula, pakuti lalembedwa ndi ana a pamalo pomwepo.

Mabuku otanthauzira mau ali a mitundu iwiri. Wa zinenero ziwiri, monga "Oxford Chichewa Dictionary" wa Steven Paas amene anatuluka mu 2016, amatipatsa mau a Chingerezi amene angafanane ndi liu la Chichewa. Koma pofuna kusankha pakati pa mauwo tiyenera kutsegula mtanthauziramau wa ophunzira Chingerezi. Wotchuka mwa iwo anayambitsidwa ndi A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, anasindikizidwa ku Tokyo mu 1942 ndi ku Oxford University Press mu 1948, ndipo masiku ano amatchedwa "Oxford Advanced Learner's Dictionary." Ubwino wake ndi wakuti amaonetsa liu lili m'chiganizo, amatchula mperekezi woyenda nalo, ndiponso amaika chilembo C pa dzina lowerengeka ndi U pa losawerengeka. Tiphunzitse ana kuwerenga zitsanzo za ziganizo, osaima pa tanthauzo loyamba. Chenjezo lomweli likhudzanso makina omasulira a pa lamya za m'manja, monga Google Translate, amene analandira Chichewa mu 2014. Tikawapatsa liu lakuti "kumva" lili lokha, sangadziwe ngati tikunena za khutu, za mphuno kapena za m'mimba.

Mau Omaliza

Ana ambiri, makamaka a kumidzi, Chingerezi amachimva m'kamwa mwa mphunzitsi yekha. Zimene iye anena ndizo adzanena, ndipo mphunzitsi mmodzi pa moyo wake wa ntchito amadutsa ana mazanamazana. Popeza ifenso tinakula tikuganiza m'chinenero chomwecho, zitsa zimene zimagwetsa ana zili m'njira yathunso. Choncho inu amene mukukonzekera ntchitoyi, musanapite kukayeseza kuphunzitsa, tengani mndandanda wa mau amene ali m'nkhani ino, muyesane ndi anzanu, ndipo muonjezepo ena amene mudzawapeze m'makope. Pokonza chikonzekero cha phunziro lililonse la mau atsopano dzifunseni mafunso atatu: Kodi liu ili ana adzalifanizira ndi liu liti lakwao? Kodi awiriwo amasiyana pati? Nanga liuli limayenda ndi mau ati? Pamene mukukayika, tsegulani mtanthauziramau kapena funsani mnzanu ana asanafike. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi wochita zimenezi adzachonga zolakwa zochepa, ndipo ana ake adzalowa m'chipinda cha mayeso akudziwa kunena chimene akufuna kunena.